Pa Mtayamoyo

Ndawolotsapo mbuzi, njinga zamoto, matumba a mchewere,
mkwatibwi atanyamula nsapato m'manja.
Ndawolotsaponso bokosi lalitali lija
limene sitikambirana mtengo polikweza.
Koma Lachitatu loyamba la mwezi
kumabwera a Dofiya a zaumoyo
ndi kabokosi kabuluu, lamba paphewa,
ndipo sakhala pansi kabokosiko kasanapeze mthunzi.

"Palasani, a Fulaye, dzuwa lisatipeze pakati.
Zili umu sizigwirizana ndi kutentha."
Tsiku loyamba ndinaseka.
Kuno ku Bangula, kumene nkhuku imayenda kukamwa kuli yasa,
kumene mchenga umakazinga phazi,
munthu nkumasunga chisanu ngati ndalama?

Ndinawafunsa tili pakati pa namasupuni.
Anati ndi katemera wa makanda,
jakisoni wa pantchafu wotseka makomo angapo,
khomo lina ndi la chiwindi.
Nkhafi inaima yokha.

Zuze, mkulu wanga, sanafike zaka makumi anayi.
Sankamwa, ngakhale uchema wa paukwati.
Maso anasanduka duwa la thonje,
mimba nkukula, miyendo nkutsala mabango.
Tinagulitsa ng'ombe ziwiri.
Tinamutemera mphini mpaka pamsana panasowa malo.
Tinaloza chala a malume,
amene mpaka lero amayang'ana tomato
tikakumana pamsika.
Mayi athunso anapita choncho, ine ndikukwawa.
Palibe anaikapo maliro awiriwo pamkeka umodzi.

A Dofiya anawaika.
Anati kachilomboka kamatha kulowa tsiku lobadwa,
kuchoka m'magazi a mayi wosadziwa kanthu,
nkugona zaka, ngati ng'ona m'matope,
pamwamba madzi ali bata, ana akusambira.
Khanda likabayidwa msanga, kamapeza potseka.

Lero tawoloka mvuu zikungobwerera m'madzi.
Ndamanga bwato, ndasiya ofuna kuwoloka akukuwa,
ndawatsatira mpaka pansi pa mtengo wa ku Makhanga
pamene sikelo imalendewera panthambi.
Mkazi wanga ndi wachisanu ndi chiwiri pamzere.
Mwandida ali kumsana, masabata asanu ndi limodzi,
kantchafu kake sikaposa mbatata ya kudimba.
Singano yalowa.
Kaye zii,
kenako kulira kobalalitsa mpheta mumtengo wonse.
Amayi aseka. Ine ndapukuta nkhope ndi malaya,
ndati thukuta.

"Mubwerenso pakatha masabata anayi, kenako anayi ena.
Madzi akasefukira musati tidikire aphwe."
Alemba m'kabuku, atseka cholembera ndi mano,
ndiye maso pa ine:
"Nanu bambo, mimba inabala Zuze ndi yomwe inabala inu.
Kuyezetsa ndi kadontho kamodzi ka pachala.
Mupite nonse ndi mayiwa."

Sindinayankhe.

Pobwerera kabokosi kapepuka,
madzi amene anauma gwa m'mawa
akungochita khuchukhuchu m'kati.
A Dofiya atulutsa ya bwato, ndakana,
aumirira, ndalandira theka.
Kumwamba akakowa akudutsa mumzere wokhota,
kumtunda wina akuitana dzina langa mokalipa.

Chala akuchifunacho chili pa nkhafi apa,
chikundu chokhachokha,
kaya singano ingapeze polowa.
Ng'ona ndimazidziwa, ndimawerenga thovu lake pamadzi,
koma iyi ilibe thovu,
ndipo bwato lake mwina ndine.

Mawa kuli anthu a thonje, mkuja kuli msika.
Lolemba, kapena.
Koma mwina ndiyambire kwa a malume,
ndi milamba iwiri yowamba
ndi mawu amene ndikuwafunafunabe
kuchoka tsidya lija mpaka tsidya lino.